Utoto Wonyezimira Wosungunula ndi Madzi: Mafunso ndi Mayankho pa Kagwiritsidwe Ntchito ndi Kasungidwe Kake

Anthu amene amapanga pamanja makadi a ukwati ndi a chinkhoswe, olemba mayina mokongoletsa pa maenvelopu, ndiponso okongoletsa zipanda ndi ziboliboli, akagula koyamba kabokosi ka utoto wa golide ndi siliva wosungunula ndi madzi amabwera ndi madandaulo awiri omwe sasintha. Ena amati utotowo sukuwala papepala monga unkawalira m'sitolo, pamene ena amati wachita nkhungu asanafike nawo n'pakati pomwe. Madandaulo onsewa amachokera pa kusadziwa zimene zili m'kati mwa utotowo, choncho tiyambira pomwepo.

Kodi mu utoto umenewu muli golide kapena siliva weniweni?

Kawirikawiri mulibe. Chimene chimanyezimira ndi tizidutswa ta mwala wotchedwa mica, umene umasendeka mopyapyala ngati makoko a anyezi. Amene anasewerapo pamchenga wa kumtsinje ali mwana n'kumatola tinthu tothwanima totiyesa golide, nthawi zambiri ankatola mica. Ku fakitale tizidutswa timeneti amatikutira ndi mankhwala otchedwa titanium dioxide kapena iron oxide, ndipo kukhuthala kwa chokutiracho ndiko kumapereka mtundu. Titanium dioxide akakhala wopyapyala kwambiri, kuwala kumabwerera koyera ngati ngale. Akakhuthala pang'ono kumabwerera kwachikasu ngati golide, ndipo akamakhuthalabe kumasanduka kofiira, kenako kwabuluu, kenako kobiriwira. Iron oxide ndiye amapereka maonekedwe a mkuwa ndi kufiirira kwakuya. Mu utoto wambiri tizidutswati timakhala ta ma micron apakati pa 10 ndi 60 (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000), kutanthauza kuti tambiri n'tochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Tating'ono kwambiri timapereka kuwala kosalala ngati nsalu ya silika, pamene tokulirapo timathwanima ngati nyenyezi koma sitiphimba pepala bwinobwino.

Chimene chimamata tizidutswati papepala ndi gum arabic, utomoni wa mitengo ya m'gulu la mthethe umene umakololedwa kwambiri ku Sudan, Chad ndi Nigeria. Opanga ambiri amathiramo glycerine kapena uchi kuti utoto usaume gwa ndiponso kuti uzifewa msanga ukakhudzidwa ndi madzi. Zinthu ziwiri zoyenera kuzigwiritsitsa ndi izi: kunyezimira kumabwera pokhapokha tizidutswato titagona chathyathyathya pamwamba pa pepala ngati timagalasi, ndipo chomatira chake ndi chakudya cha nkhungu ndi nyerere.

Ulipo utoto wina umene uli ndi ufa wa zitsulo zenizeni, monga Aqua Bronze wa kampani ya Schmincke ya ku Germany, ndiponso ulipo wa golide weniweni umene amagula okongoletsa mabuku ndi zithunzi za m'matchalitchi. Umenewo ndi wochepa pamsika, ndipo wa golide weniweniwo mtengo wake ndi wokwera kwambiri.

Nanga luso limeneli linayamba liti?

Alembi a mabuku olembedwa pamanja ku Ulaya, makina osindikizira asanabwere, ankapera golide mpaka kukhala ufa, kumusakaniza ndi utomoni, n'kumusunga m'zigoba za nkhono za m'madzi, ndipo dzina la utoto wa golide weniweni m'Chingerezi, shell gold, limatchulabe chigobacho mpaka lero. M'zaka za m'ma 1600, munthu wina wopanga makolona ku Paris, dzina lake Jaquin, anatulukira njira yotengera zonyezimira za m'mamba a nsomba n'kumapaka m'kati mwa mikanda yagalasi kuti ioneke ngati ngale. Mica wokutidwa ndi titanium dioxide anayamba kupangidwa m'mafakitale m'zaka za m'ma 1960, ndipo ndi yemweyo amene lero amawalitsa penti ya galimoto, zodzola za m'maso ndi za m'zikhadabo, komanso kabokosi kanu ka utoto.

Ndapaka koma utoto ukuoneka wotuwa ndi wamadzimadzi. Ndalakwitsa pati?

Mwafulumira. Utoto wamba wa madzi umagwira pa burashi mukangoukhudza, koma wonyezimira sutero, chifukwa tizidutswa ta mica sitisungunuka m'madzi ayi. Chimene chimasungunuka ndi utomoni umene watigwira, ndipo utomoniwo umafuna nthawi. Burashi yonyowa ikangodutsa pamwamba pa utoto wouma imatenga madzi ambiri ndi tizidutswa towerengeka, ndiye papepala pamatsala chizindikiro chotuwa ngati pomwe padutsa nkhono.

Njira yake ndi kudonthezera madontho awiri kapena atatu a madzi oyera m'kambale ka mtundu umene mukuufuna, n'kukasiya kwa mphindi zitatu mpaka zisanu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa utoto uwu mawuwo ndi oona ndithu. Pa mphindi zimenezo mukhoza kumadula pepala kapena kulemba mizere ya pensulo. Nthawi ikakwana, takasani pang'onopang'ono ndi burashi mozungulira mpaka madzi aja atasiya kuonekera pansi n'kukhala ngati chitsulo chosungunuka. Mukanyamula burashi n'kuona kuti ubweya wake wonse waphimbika ndi golide, ndiye kuti utoto wapsa.

Cholakwika chachiwiri chimachitika papepala. Anthu ambiri akapaka amabwerezabwereza burashi pamalo omwewo pofuna kusalaza, osadziwa kuti akudzutsa tizidutswa timene tinayamba kale kugona. Utoto ukamauma, madzi amalowa m'pepala ndipo tizidutswa timatsika n'kuyalana tokha. Mukatisokoneza pa nthawi imeneyi timauma titaloza mbali zosiyanasiyana, kuwala kumamwazika, ndipo pamaoneka mikwingwirima. Pakani kamodzi, chotsani dzanja, dikirani kuti paume. Ngati sipanakwane, bwerezani pamwamba pataumiratu, ndipo mubwereze mopepuka chifukwa madzi atsopano amafewetsanso utoto wapansi.

Kodi madzi oyenera ndi ochuluka bwanji?

Zimadalira ntchito. Polemba zilembo kapena kujambula mizere yoti ioneke ngati golide wokhuthala, utoto ukhale ngati phala lamadzimadzi la mwana wongoyamba kudya, loti likuyenda koma silikuonekera pansi. Pofuna kungowaza kuwala pang'ono pamwamba pa maluwa kapena thambo lojambulidwa kale, ukhale ngati tiyi wamkaka. Ukakhuthala mopitirira umauma mochita mabampu ndipo umasweka khadi likapindidwa. Kumbukiraninso kuti mica ndi wolemera, ndipo m'madzi amadikha pansi monga amachitira masese m'chikho cha thobwa, choncho muzivundula nthawi iliyonse musanatape.

Ndi pepala lotani limene limaonetsa kuwala bwino?

Pepala losalala. Mapepala a utoto wa madzi amalembedwa hot pressed akakhala osalala, ndipo cold pressed akakhala ndi timaenje. Pa losalala tizidutswa timagona mbali imodzi, kuwala n'kubwerera pamodzi ngati pagalasi, pamene pa la timaenje timapendekera uku ndi uku, kotero kuti kunyezimira kumakhala kofatsa. Kulemera kwa pepala kukhale magalamu 300 pa sikweya mita ngati mupaka malo aakulu, chifukwa pepala la mu ofesi la magalamu 80 limakwinyika likangonyowa ndipo utoto umathawira m'makwinya. Pa zilembo zokha, khadi la magalamu 200 kapena kuposerapo limakwanira.

Mtundu wa pepala ndi nkhani yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Papepala loyera, kuyera kwa pepalalo kumalimbana ndi kuwala kwa mica, ndipo siliva amangooneka ngati phulusa. Papepala lakuda, labuluu woderapo, lobiriwira kwambiri kapena lofiira moderapo, utoto womwewo umayaka. Ine ndimaona kuti amene ali ndi ndalama zochepa achita bwino kugula utoto wa mitundu iwiri ndi mapepala akuda abwino kusiyana ndi kugula mitundu 24 n'kumaipaka pa mapepala a m'kope. Khadi lamtundu muziyamba mwaliyesa pakona, popeza ena amasuluka akanyowa n'kudetsa golide.

Ndinagula utoto wolembedwa interference, koma ukuoneka woyera ndipo papepala sukuoneka. Kodi anandinamiza?

Sanakunamizeni. Mu utoto umenewu mulibe mtundu wina uliwonse kupatula umene umabwera ndi kuwala kobwerera kuchokera pa chokutira chija. Tizidutswa take timaonekera mkati, choncho papepala loyera kuwala kumadutsa, kugunda pepala, n'kubwerera koyera kumene kumamiza mtunduwo. Papepala lakuda, kuwala kodutsako kumamezedwa, n'kutsala kobiriwira kapena kwabuluu kokha ngati kwa pakhosi pa njiwa. Ngati mulibe pepala lakuda, yambani mwapaka utoto wakuda wamba, uume, kenako pakani wa interference pamwamba. Wolembedwa duochrome umasintha pakati pa mitundu iwiri mukamapendeketsa pepala.

Kodi ndigwiritse ntchito burashi yomwe ndimapakira utoto wina?

Ndi bwino kupatula burashi imodzi kapena ziwiri, pamodzi ndi chikho chake cha madzi otsukira. Mica amabisala kumene ubweya wa burashi umalowa m'chitsulo, ndipo amatuluka tsiku limene simukumufuna, mwina pamene mukujambula nkhope ya munthu. Madzi otsukira nawonso amanyamula tizidutswa n'kukatithira m'mitundu ina yonse. Burashi ya ubweya wa nayiloni ndi yokwanira. Palibe chifukwa choperesera burashi yodula ya ubweya wa nyama potakasa utoto wouma. Mukamaliza, tsukani ndi sopo wofatsa pachikhatho mpaka thovu litasiya kunyezimira, konzani nsonga ndi zala, ndipo igonekeni kuti iume m'malo moiimika m'madzi.

Kodi ndingausakanize ndi utoto wamba wa madzi?

Mukhoza, koma pang'ono. Kadontho ka utoto woonekera mkati kamasintha golide kukhala wobiriwirako kapena wofiirirako popanda kupha kuwala. Utoto wokhuthala wosaonekera mkati, makamaka woyera, umakwirira tizidutswa ndipo zotsatira zake ndi matope. Njira imene imapereka zabwino nthawi zambiri ndi yosanjikiza: mtundu wamba pansi, uume, wonyezimira pamwamba. Amisiri omata golide weniweni pa mafelemu ndi zithunzi za m'matchalitchi akhala akuyala dongo lofiira pansi pa golide kuyambira kalekale kuti golideyo aoneke wofunda, ndipo nzeru yomweyo imagwira ntchito pano. Pakani zofiira moderapo kapena zachikasu cha dothi pansi pa golide, ndi zotuwa moderapo kapena zabuluu pansi pa siliva. Kusakaniza kuchitikire pambale ina, osati m'kambale ka golide momwemo.

Ndimafuna kulemba mayina pa maenvelopu ndi cholembera cha nsonga yachitsulo. Nditani?

Nsonga yatsopano imabwera itapakidwa mafuta oteteza dzimbiri, ndipo utoto sugwirapo mpaka mutaitsuka ndi sopo kapena mankhwala otsukira mano. Musaviike cholembera m'kambale, koma tapani utoto ndi burashi yaing'ono n'kupaka kumimba kwa nsongayo. Utoto ukakana kutsika ndiye kuti wakhuthala, onjezani dontho limodzi la madzi. Ukatsika wonse nthawi imodzi n'kupanga chithaphwi ndiye kuti madzi achuluka, dikirani pang'ono kapena takasaninso. Muzipukuta nsonga mukalemba mayina awiri kapena atatu, chifukwa utomoni umaumira pampata wake. Utoto umenewu usathiridwe m'cholembera chokhala ndi thanki ya inki m'kati, popeza mica amatseka tinjira ta inki.

Kodi umagwira pa matabwa, zipanda, dongo, galasi kapena nsalu?

Umagwira pa chinthu chimene chimamwa madzi pang'ono. Thabwa losapakidwa vanishi limaulandira, ngakhale kuti utoto umakonda kuyenderera motsata mitsempha ya thabwalo, choncho ndi bwino kulikwecha ndi sandipepa n'kuyalapo kaye gesso, penti yoyala pansi kuti utoto ugwire bwino, amene amapezeka woyera ndi wakuda. Chipanda chili ndi khungu loterera lokana madzi, ndipo popanda kukwecha utoto umangopanga timadontho. Dongo louma kapena lootcha lopanda galasi pamwamba limamwa madzi mofulumira kwambiri moti burashi imakakamira, koma kuwala kumatuluka bwino mukayalapo gesso. Pa galasi, pulasitiki ndi chitsulo, utotowu umauma koma umachoka ndi chala. Pa nsalu umachoka pa kuchapa koyamba, choncho wofuna kukongoletsa chitenje kapena malaya agule penti ya nsalu. Mbale, makapu ndi zipande zodyera zisapakidwe konse.

Golide akuchoka ndikakhudza khadi louma. Ndingamuteteze bwanji?

Kanyenyezi kamodzikamodzi kotsalira pachala si vuto. Koma ngati chala chikuchita golide yense, ndiye kuti utomoni wachepa, mwina chifukwa munathira madzi ambiri kapena utotowo anaupanga moumira. Dontho limodzi la gum arabic wamadzi, amene amagulitsidwa m'timabotolo m'masitolo a zojambulajambula, limathetsa vutoli mukalisakaniza ndi utoto musanapake. Musapyoze muyeso, chifukwa utomoni wochuluka umauma monyezimira ngati vanishi n'kung'aluka.

Vanishi yopaka ndi burashi, makamaka yosungunula ndi madzi, imafafaniza zonse. Yopopera ndiyo yoyenera, ndipo ikhale yonyezimira, chifukwa yolembedwa matt ili ndi ufa umene ntchito yake ndi kupha kuwala. Poperani panja, muli patali pafupifupi masentimita 30, mopyapyala kawiri kapena katatu m'malo mothira kamodzi mochuluka. Ngakhale mutachita bwino chotani, kuwala kumatsikako pang'ono, ndiye pa makadi wamba ine sindipopera chilichonse. Ndimangoika kapepala kopyapyala pakati kuti golide asakhudzane ndi mbali inayo. Zipanda ndi matabwa, zimene anthu amazigwiragwira, ndizo zofunika vanishi.

Ndikamaliza ntchito, kodi ndivundikire bokosi nthawi yomweyo?

Ayi, ndipo apa ndi pamene utoto wambiri umafera. Popeza utoto wonyezimira timaunyowetsa kwambiri kuposa wamba, madzi amalowa mpaka pansi, ndipo pamwamba pakhoza kuoneka pouma pamene m'kati muli chinyontho. Mukavundikira, mwatsekera pamodzi madzi, utomoni, uchi ndi mdima, zomwe ndi zonse zimene nkhungu imafuna. Siyani bokosi lotsekula pamalo opita mphepo, pamthunzi, usiku wonse. Pofuna kuteteza fumbi, yalani kansalu kopyapyala pamwamba kapena tsamiritsani chivundikiro osatseka. Madzi otsala m'kambale musawataye, chifukwa muli mica wambiri. Alekeni aumire momwemo. Chimodzimodzinso utoto wotsala pambale yosakanizira, umauma ndipo mawa umadzukanso ndi dontho la madzi.

Nyengo imasintha kutalika kwa nthawi yodikira. Mu Okutobala, maola ochepa amakwana. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, kapena masiku a chiperoni ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, ngakhalenso m'madera a m'mphepete mwa nyanja kumene mpweya umakhala wa chinyezi, pangafunike masiku awiri. Ine ndinaphunzira movutika chaka china pamene ndinamaliza makadi a Khirisimasi usiku, n'kutseka bokosi lonyowa, n'kunyamuka ulendo wa kumudzi m'mawa mwake. Pobwerera mu Januwale ndinapeza timbale tinayi titamera ubweya woyera ngati nsima yogona masiku atatu. Kuyesa kwake n'kosavuta: dinikizani pakati pa utoto ndi chala chouma, ndipo ngati pakumata kapena pakuzizira, sunaume.

Ukauma, sungani bokosi chogona, m'kabati kapena m'dirowa youma, kutali ndi khoma limene limachita chinyezi. Timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato ndi m'mabotolo a mankhwala ndi tothandiza mukatiika m'chitini chotseka bwino pamodzi ndi utoto wouma kale, koma tisungidwe kutali ndi ana. Mpunga, umene ena amaika kuti uyamwe chinyezi, umangoitana tizilombo. Mufiriji musaikemo, chifukwa potulutsa bokosi limachita thukuta ndipo mwaunyowetsanso utoto uja.

Utoto wachita kale nkhungu. Kodi ndiutaye?

Osati msanga. Chotsani kambale kodwalako m'bokosi kuti kasapatsire tinzake, tulukani nako panja, ndipo palani pamwamba ndi nsonga ya mpeni mpaka mutafika pa utoto woyera bwino. Kenako pukutani ndi thonje loviika mu sipiriti woyera wa ku famase wa 70 peresenti, n'kukasiya kuti kaume masiku angapo. Sipiriti wa mtundu wapepo uja musamugwiritse ntchito chifukwa amasiya mtundu wake. Bokosi lonse litsukidwe ndi sopo, lipukutidwe ndi sipiriti, liume, ndipo maburashi amene anakhudza utotowo atsukidwenso. Ngati nkhungu yalowerera mpaka pansi, utoto ukununkha chuku, kapena yameranso kachiwiri mutachita zonsezi, tayani kambale kameneko. Kupaka utoto wotero pa khadi ndi kusamutsira nkhungu papepala. Amene ali ndi mphumu apemphe wina kuti awachitire ntchito yopalayi.

Nanga nyerere ndi mphemvu?

Zimabwera chifukwa cha uchi ndi utomoni, ndipo mphemvu zimatha kunyambita ngakhale chithunzi chomalizidwa n'kusiya mipata. Pa nthawi youmitsa, pamene bokosi lili lotsekula, likhazikeni pa chitini choimika m'mbale ya madzi kuti nyerere zisawoloke. Mankhwala ophera tizilombo asapoperedwe pa utoto.

Utoto wang'aluka ndipo wina wagweratu m'kambale. Kodi waonongeka?

Sunaonongeke. Ming'alu imabwera utoto ukauma kwambiri n'kufota, monga limachitira dothi la kudambo m'chilimwe. Donthezerani madzi pang'ono pansi pa kambale, bwezerani chidutswacho, dinikizani, ndipo chikauma chimamatirira chokha. Zinyenyeswazi zisonkhanitseni m'kambale kamodzi ndi madontho a madzi ndi dontho limodzi la glycerine. Chimene muyenera kupewa ndi kutentha koopsa, monga kusiya bokosi pawindo la dzuwa kapena m'galimoto yotseka masana, chifukwa utoto wokhala ndi uchi wambiri umafewa n'kuyenderera m'mitundu ina ngati bokosi lapendekeka. Mabokosi achitsulo amachita dzimbiri m'makona, choncho muziwapukuta madzi akatayikira.

Kodi wa m'machubu ndi wa m'mabotolo umasungidwa mofanana?

Mdani wa chubu ndi mpweya. Pukutani pakamwa pake musanatseke kuti chitsekerero chikhale bwino ndiponso chisakakamire. Chikakakamira, viikani mutu wa chubu m'madzi ofunda kwa mphindi zochepa m'malo molimbana nacho ndi pulayala, imene imapotokola chubu n'kuchiboola. Chubu chikakhalitsa, poyamba pamatuluka madzi onanda achikasu. Umenewo ndi utomoni umene walekana ndi mica, ndipo musautaye wonse, koma lowetsani kamtengo kotokosera mano n'kutakasa m'kati. Chubu chimene chaumiratu ching'ambeni ndi lumo, mutulutse utotowo n'kumaugwiritsa ntchito ngati wa m'kambale. Wa m'botolo umadikha pansi n'kulimba, choncho umafuna kukhutchumula kapena kuvundula musanayambe, ndipo muzithirako pang'ono pambale m'malo moviikamo burashi yakuda, imene imalowetsa nkhungu m'botolo lonse.

Kodi utotowu umatha mphamvu kapena kusuluka pakapita zaka?

Wa m'timbale, ukasungidwa wouma, umakhala zaka zambiri. Mica, titanium dioxide ndi iron oxide sasuluka ndi dzuwa ndipo sachita dzimbiri, choncho golide, siliva ndi mkuwa wopangidwa ndi zimenezi amakhalabe mmene analili. Okayikitsa ndi mitundu yowala monga pinki, yapepo ndi yabuluu wowala, imene nthawi zina amaithira utoto wina wosakhalitsa; umenewo ukasuluka pamatsala siliva wotuwa. Kuti mudziwe, pakani mzere papepala, dulani pakati, chidutswa chimodzi muchimate pawindo la dzuwa, china muchibise m'buku, ndipo mufananitse pakatha miyezi iwiri. Utoto wa ufa wa mkuwa weniweni ndi wosiyana, chifukwa mkuwa umathimbirira ukakumana ndi chinyezi, ndiye umafuna kusakaniza wokwanira tsiku lomwelo basi.

Kodi ndi wabwino kwa ana? Nanga kupaka kumaso kapena pa keke?

Yang'anani zolembedwa pabokosi. Chidindo cha AP chimaperekedwa ndi bungwe la ACMI la ku America pa zipangizo zimene zapezeka kuti zilibe poizoni woopsa zikagwiritsidwa ntchito moyenera, ndipo EN 71 ndi muyezo wa ku Ulaya wa zoseweretsa za ana. Mawu akuti ASTM D-4236 amangotanthauza kuti utotowo unaunikidwa ndipo machenjezo oyenera alembedwa. Palibe chilichonse mwa izi chimene chikutanthauza kuti utoto ndi wodyedwa kapena wodzola. Zonyezimira za pa keke ndi za kumaso zimapangidwa mwapadera, ndipo utoto wa pepala usalowe m'malo mwake. Chizolowezi chosongola burashi ndi milomo chilekeke, ndipo chikho cha madzi otsukira chisafanane ndi kapu ya tiyi.

Ndigule wotani?

Mayina odziwika ndi monga Coliro wa kampani ya Finetec ya ku Germany, amene timbale take tozungulira timagulitsidwanso kamodzikamodzi, zomwe n'zothandiza chifukwa golide ndiye amatha msanga. Kuretake, kampani ya ku Nara m'dziko la Japan imene inayamba mu 1902 ndi kupanga inki, ili ndi kabokosi ka Starry Colors ka mitundu 6. Kampani ya Daniel Smith ya ku Seattle, ku America, imadziwika ndi wa m'machubu, ndipo Royal Talens ya ku Netherlands ili ndi wa dzina la Van Gogh. Mabokosi otchipa opanda dzina ena ndi abwino ndithu, ena ali ndi choko chambiri ndi mica wochepa, ndipo njira yowasiyanitsira ndi kuyesa papepala lakuda n'kutikita ndi chala pakauma. Wotuma m'bale wochokera ku Johannesburg kapena ku London atume wa m'timbale, popeza ndi wouma ndipo suwerengedwa m'gulu la zamadzimadzi pabwalo la ndege monga amachitira machubu.

Pali nkhani inanso imene wogula ayenera kuidziwa. Mica wambiri amakumbidwa ku India, m'zigawo za Jharkhand ndi Bihar, komanso ku Madagascar, ndipo m'migodi ina ya kumeneko mwapezeka ana akugwira ntchito. Mu 2017 makampani ndi mabungwe anakhazikitsa Responsible Mica Initiative pofuna kuthana ndi zimenezi. Aliponso mica wopangidwa ku fakitale, wolembedwa synthetic fluorphlogopite, amene sachokera kumgodi ndipo nthawi zambiri amakhala woyera bwino kuposa wachilengedwe.

Kodi ndingathe kupanga ndekha?

N'zotheka ngati mwapeza ufa wa mica, umene amagulitsa opanga sopo ndi makandulo. Sungunulani muyeso umodzi wa ufa wa gum arabic m'miyeso iwiri ya madzi ofunda owiritsa, sefani ndi kansalu, thirani uchi kapena glycerine pang'ono, ndi dontho la mafuta a clove ochedwetsa nkhungu. Sakanizani madzi amenewa ndi mica pang'onopang'ono, kuyambira pa miyeso yofanana, mpaka zikhale ngati phala. Gwiritsani ntchito mpeni wopakira kapena kasupuni, ndipo musapere mwamphamvu monga amaperera utoto wina, chifukwa mukaswa tizidutswa mwaswa kuwala komwe. Yesani papepala: ukachoka ndi chala onjezani utomoni, ukang'aluka onjezani mica. Thirani m'zitsekerero za mabotolo kapena m'timbale mosanjikiza katatu, mukudikira masiku angapo kuti gawo lililonse liume. Ufa wa mica umauluka mosavuta ndipo si wabwino m'mapapo, choncho valani chotchinga pamphuno ndipo zimitsani fani. Ntchito imeneyi ndi ya m'chilimwe, osati ya m'dzinja.

Ndikajambula khadi pa foni kapena kulipanga fotokope, golide akuoneka ngati dothi. Chifukwa chiyani?

Kunyezimira si mtundu umene makina angaukope, koma ndi kuwala kobwerera kumene kumasintha diso likasuntha. Makina a fotokope ndi sikana amaunika pepala kuchokera mbali imodzi yokha, ndiye amangoona chikasu choderapo, ndipo inki ya makina osindikizira wamba ilibe mica woti abwezeretse kuwalako. Pojambula ndi foni, zimitsani fulashi, imani pafupi ndi windo, ndipo pendeketsani khadi pang'onopang'ono mpaka golide atagwira kuwala. Kavidiyo ka masekondi ochepa kosonyeza khadi likupendekeka kamauza kasitomala zoona kuposa chithunzi. Amene walandira oda ya makadi a ukwati 200 asayembekeze kupaka limodzi n'kuchulukitsa ena onse pa makina. Asindikize mawu ndi maluwa pa khadi lolemera ndi makina a laser, amene zolemba zake sizisungunuka ndi madzi monga zimachitira za inkjet zambiri, kenako apake golide pamanja pa khadi lililonse, n'kuwayala pamphasa kapena patebulo osasanjikiza mpaka m'mawa.